Zaulere nazo zili ndi eni ake

Kholo lililonse lomwe lili ndi mwana wokonzekera mayeso a JCE kapena MSCE likuidziwa pamfuleti. Mwana amabwera nayo kunyumba itamangidwa ndi sitepula, masamba ena osaoneka bwino kaamba koti makina a fotokope inki idali itatha, ndipo kawirikawiri pachikuto sipakhala dzina la amene adalemba. Kholo limangopisa m'thumba, poti buku lenileni ndi lokwera mtengo, mwinanso m'sitolo zapafupi mulibe.

Kumadera akutali ndi mizinda, monga pa Kaseye m'boma la Chitipa pomwe pali sukulu ya sekondale ya atsikana ndi chipatala cha mishoni ya Katolika, pamfuleti ndi chida chenicheni cha maphunziro. Chomwe chasintha masiku ano ndi komwe aphunzitsi akutenga zolemba m'menemo. Kale ankadalira manotsi awo ndi buku limodzi la m'laibulale. Lero foni ili m'manja, ndipo pa intaneti pali nkhani, zithunzi ndi mabuku ambirimbiri olembedwa kuti ndi aulere.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa Biology pa Kaseye wafuna kukonza pamfuleti ya malungo ndi kolera. Watenga ndime ziwiri pa Wikipedia, tsamba limodzi m'chikalata cha bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, chithunzi cha udzudzu chomwe wachipeza pa Google, komanso ndime ina m'buku la sukulu lomwe adagula ku Mzuzu. Zonsezi waziphatikiza, wazifewetsa, kenaka wapita nazo kwa wafotokope pa boma. Cholinga chake ndi chabwino. Koma kodi lamulo likumulola?

Mwini amakhalapo

Poyamba tidziwe kuti chilichonse chomwe munthu walemba, wajambula kapena wapeka chimakhala chake kuyambira pomwe wachimaliza, ngakhale asakalembetse ku ofesi ina iliyonse. Kuno kwathu izi zili m'lamulo la umwini wa luso la mchaka cha 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo la 1989. Lamuloli limati mwini ndiye ali ndi mphamvu yololeza kuti ntchito yake ichulukitsidwe, igulitsidwe, isinthidwe kapena imasuliridwe m'chiyankhulo china, ndipo mphamvuyi imapitirira kwa zaka 50 mwiniyo atamwalira.

Bungwe lomwe limayang'anira nkhanizi ndi la Copyright Society of Malawi, lomwe ambiri amangoti Cosoma. Lidakhazikitsidwa mchaka cha 1992, ndipo achikulire akukumbukira tizizindikiro take tomwe tinkamatidwa pa makaseti a nyimbo. Anthu ambiri amaganiza kuti Cosoma ndi ya oyimba okha, chonsecho imatetezanso olemba mabuku ndi ojambula zithunzi, ndipo imapereka ziphaso kwa ochulukitsa mabuku pa makina a fotokope.

Kotero chithunzi cha udzudzu chija sichidasanduke chopanda mwini chifukwa choti chapezeka pa Google. Google ili ngati munthu wokulozera njira yakumsika. Katundu wa mumsikamo si wake.

Kupatsa kokhala ndi malire

Komabe alipo eni ambiri omwe amafuna kuti ntchito zawo zifalikire popanda wina kugogoda pakhomo pawo kudzapempha. Pofuna kuthandiza anthu otere, akatswiri ena ku America, mmodzi mwa iwo mphunzitsi wa zamalamulo Lawrence Lessig, adayambitsa bungwe la Creative Commons mchaka cha 2001. Mu December 2002 bungweli lidatulutsa ziphaso zomwe mwini amamata pa ntchito yake pouza dziko lonse kuti tengani, koma mutsate izi ndi izi.

Ziphasozi zimadziwika ndi zilembo CC, ndipo pambuyo pake pamabwera zilembo zina zomwe ndi malamulo a mwiniyo. Zilipo zinayi zokha, ndipo sizovuta kumva.

BY akutanthauza kuti tchulani mwini. Gwiritsani ntchito, sinthani, ngakhale kugulitsa kumene, koma dzina la mwini lisasowe, ndipo ngati mwasintha kanthu munene.

NC akutanthauza kuti osachitira malonda. Zili ngati mnzako wakubwereka njinga kuti upite nayo kuchipatala. Ukayamba kuchitira kabaza, waphwanya pangano.

ND akutanthauza kuti osasintha. Mnzako wakubwereka chitenje kuti uvale kuukwati. Vala, anthu akuone, koma usadule kuti usoke bulauzi.

SA akutanthauza kuti ukasintha, zomwe wapangazo uzipereke kwa ena pa pangano lomwelo lomwe iwe udalandirira. Alimi omwe adalandirako mbuzi zopatsirana akuzidziwa bwino izi: walandira mbuzi yaulere, ikaswa nawenso umapatsira mnzako mwaulere.

Zilembozi zikaphatikizidwa zimabala ziphaso zisanu ndi chimodzi. Pali chinanso chotchedwa CC0, chomwe chidabwera mu 2009, pomwe mwini amasiyiratu ufulu wake wonse.

Wina asaganize kuti ziphasozi ndi zokongoletsa chabe. Mchaka cha 2006, khoti lina ku Netherlands lidagamula kuti magazini ya Weekend idalakwa posindikiza zithunzi za mkulu wina wodziwika pa wailesi ndi kanema, Adam Curry, zomwe iye adaziika pa intaneti ndi chiphaso choletsa malonda. Eni magaziniyo adaona ngati zithunzizo ndi za aliyense, koma khoti lidawakumbutsa kuti mwini adaika malire.

Mbuzi ziwiri, mwana mmodzi

Tibwerere kwa mphunzitsi wathu wa pa Kaseye. Nkhani za pa Wikipedia, kuphatikizapo Wikipedia ya Chichewa ndi ya Chitumbuka, zili ndi chiphaso cha CC BY-SA. Pomwe zofalitsa za WHO, kuyambira mchaka cha 2016, zimatuluka ndi chiphaso cha CC BY-NC-SA. Poziona zikukhala ngati ndi zapachibale, koma apa ndiye pagona vuto.

Chiphaso cha Wikipedia chikuti ukasintha nkhani yathu, zotsatira zake uzipereke pa pangano lathu, lomwe limalola ngakhale wofuna kugulitsa. Cha WHO chikuti ukasintha zathu, zotsatira zake uzipereke pa pangano lathu, lomwe limaletsa malonda. Tsono mphunzitsi akatenga ziganizo za uku ndi za uku n'kuziluka kukhala ndime imodzi, ndimeyo itsate pangano liti? Akatsata la Wikipedia walakwira WHO. Akatsata la WHO walakwira anthu omwe adalemba pa Wikipedia.

Zili ngati mlimi walandira mbuzi yaikazi kwa wina yemwe wati ana ake aliyense ali ndi ufulu wogulitsa, ndipo tonde walandira kwa wina yemwe wati ana ake asadzapite kumsika. Kamwana kakabadwa, mawu a onse awiri sangakwaniritsidwe.

Izi sizikutanthauza kuti pamfuletiyo yafera m'mazira. Njira zotulukira zilipo zitatu.

Yoyamba ndi kusaluka pamodzi. Ziphasozi zimalola kuika ntchito zosiyana m'buku limodzi bola iliyonse iime payokha. Nkhani ya pa Wikipedia ikhale pa tsamba lake ndi chiphaso chake, tsamba la WHO likhalenso palokha ndi chiphaso chake. Zili ngati nyemba ndi mtedza pa benchi imodzi ya pamsika, chilichonse m'beseni lake. Chofunika kukumbukira n'choti tsamba la WHO likangolowamo, bukulo silingagulitsidwe mofuna phindu pokhapokha tsambalo litachotsedwa kapena eni ake atavomera.

Yachiwiri ndi kusankha zogwirizana. Zinthu za CC0 ndi za CC BY zimalowa paliponse ngati mchere. Bungwe la UNESCO limatulutsa zambiri mwa zofalitsa zake ndi chiphaso cha BY-SA, chomwe ndi cha mtundu umodzi ndi cha Wikipedia. Ndipo nkhokwe ya zithunzi ya Wikimedia Commons siilandira n'komwe zithunzi za NC kapena ND, kotero chithunzi cha udzudzu chochokera kumeneko sichivuta, bola kuwerenga chiphaso chomwe chili pansi pake ndi kutchula wojambula.

Yachitatu ndiyo yoposa zonse: kulemba m'mawu akoako. Lamulo limateteza kalembedwe ka munthu, osati mfundo. Zoti malungo amafala ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, kapena zoti kolera imafala kudzera m'madzi ndi zakudya zoipitsidwa, zilibe mwini. Mphunzitsi akawerenga, n'kumvetsa, n'kutseka foni, n'kulemba monga momwe angafotokozere ana ake m'kalasi ndi zitsanzo za pa Kaseye pomwepo, ndimeyo ndi yake.

Nkhani ya ziyankhulo

Ku Chitipa nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe anthu a ku Lilongwe kapena ku Blantyre sangaiganizire msanga. Bomali, lomwe lachita malire ndi Tanzania komanso Zambia, ndi lodziwika ndi kuchuluka kwa ziyankhulo: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chimambwe, Chinamwanga, Chitumbuka ndi zina. Mwana amakula akuyankhula chimodzi mwa izi pakhomo, koma akafika ku Sitandade 1 mabuku omwe amamudikira ndi a Chichewa ndi Chingerezi. Timabuku ta nthano ta m'chiyankhulo cha amayi ake n'tosowa kwambiri, chifukwa kampani yosindikiza mabuku siiona phindu pa msika waung'ono chotere.

Apa ndi pomwe ziphaso zaulere zimaonetsa ubwino wake. Mchaka cha 2014 bungwe la Saide la ku Johannesburg lidatsegula tsamba la African Storybook, pomwe pali nthano za ana zokhala ndi zithunzi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa ndi Chitumbuka. Zambiri mwa nthanozi zili ndi chiphaso cha CC BY. Chimodzimodzinso mabuku a bungwe la Book Dash la ku South Africa ndi a pa tsamba la StoryWeaver la ku India. Mphunzitsi, katekisiti ngakhale kholo lodziwa Chindali kapena Chilambya litha kutenga nthano yotere, kuimasulira, kuisindikiza ndi kugawira ana popanda kulembera kalata wina aliyense. Chofunika ndi kusiya mayina a wolemba ndi wojambula pomwe ali, kuwonjezera dzina la womasulira ndi kutchula chiphaso.

Koma womasulira asamale ndi zilembo ziwiri zija, ND. Pamaso pa lamulo, kumasulira ndi kusintha. Buku la ND utha kulichulukitsa momwe liliri, koma ukalitembenuza kupita m'Chilambya n'kugawira anthu, wadula chitenje cha eni. Ndi bwino kuona chiphaso usanayambe ntchito kusiyana ndi kutaya masabata atatu ukumasulira buku lomwe sudzaloledwa kuligawa. Safunsa adadya phula.

Nanga nthano za agogo zomwe timamva pamoto madzulo? Ambiri amaganiza kuti izi ndiye zopanda mwini. Lamulo la dziko lino likuti nthano, nyimbo ndi magule a makolo zili m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, ndipo umwini umenewu sutha. Wofuna kuchita nazo malonda ndi bwino ayambe wafunsa ku Cosoma.

Nanga za fair use?

Yatsala ndime ija ya m'buku logula ku Mzuzu. Ili silaulere, ndipo mkati mwa chikuto mwalembedwa kuti ufulu wonse ndi wa eni. Achinyamata omwe amakhalitsa pa YouTube ndi Facebook amakonda kunena kuti palibe vuto, imeneyo ndi fair use.

Mawuwa ndi a m'lamulo la dziko la America, gawo 107 la lamulo la 1976. Kumeneko woweruza amayang'ana zinthu zinayi: cholinga cha wotengayo, mtundu wa ntchito yomwe yatengedwa, kuchuluka kwa zomwe zatengedwa, komanso ngati kutengako kukuonongera mwini msika. Ngakhale ku America komweko, kungolemba kuti fair use pansi pa chinthu sikupulumutsa munthu. Khoti ndilo limagamula, mlandu ndi mlandu.

Lamulo la Malawi lidatsata njira ina. Ilo limachita kutchula zinthu zomwe munthu angachite osapempha, monga kutapa mawu ochepa m'ntchito yomwe idafalitsidwa kale, kapena kugwiritsa ntchito kagawo ka ntchito ngati chitsanzo pophunzitsa. Izi zikugwirizana ndi pangano la maiko la Berne lomwe dziko lino lidalowamo mchaka cha 1991. Panganoli limalola kutapa mawu pokhapokha ngati kwachitika mwachilungamo, sikudapitirire pa zomwe cholinga chikufuna, ndipo gwero ndi dzina la wolemba zatchulidwa.

Kotero mphunzitsi atha kutenga ziganizo ziwiri kapena zitatu zomwe wolemba buku wafotokoza bwino tanthauzo la matenda opatsirana, kuziika m'zizindikiro zosonyeza kuti ndi mawu a wina, kutchula buku ndi wolemba, kenaka n'kupitiriza ndi ndemanga zake. Koma kukopera mutu wonse wa buku n'cholinga choti ana asagule bukulo si kutapa mawu ayi. Kumeneko ndi kukolola m'munda mwa eni. Tisaiwale kuti ambiri mwa olemba mabuku a sekondale m'dziko muno ndi aphunzitsi omwe adachezera usiku kulemba, ndipo amadya kuchokera pa buku lililonse lomwe lagulidwa.

Pali msampha wina womwe ambiri sauona. Mphunzitsi akamaliza pamfuleti yake n'kulemba pachikuto kuti CC BY, aliyense atenge, ndiye kuti wapereka zomwe ndi zake zokha. Mawu otapa aja akadali a mwini buku. Sungagawe nkhuku ya mnzako chifukwa choti yagona m'khola mwako. Choncho ayenera kulemba poyera kuti chiphasochi sichikukhudza mawu omwe ali pa tsamba lakutilakuti, kuti wina wodzatenga pamfuletiyo mawa asadzagwe m'mbuna.

Msampha womwewu ulinso pa Wikipedia ya Chingerezi. Tsambali limalola zithunzi zina zochepa, monga zikuto za mabuku ndi zizindikiro za makampani, potsamira pa fair use ya ku America. Zithunzi zimenezi sizaulere ngakhale zili pakati pa nkhani yaulere. Ukadina pa chithunzicho umapeza zonse zalembedwa.

Wafotokope naye adye

Funso lomwe limavuta anthu ambiri ndi la NC. Pepala ndi inki sizaulere, ndipo mnyamata wa fotokope pa boma sagwira ntchito yathandizo. Kodi kumulipira ndi malonda?

Ziphaso za Creative Commons zimati choletsedwa ndi kugwiritsa ntchito chinthu pomwe cholinga chachikulu ndi kupeza phindu kapena malipiro. Nkhani yofanana ndi iyi idafika kukhoti ku America, pomwe bungwe lolemba mabuku a sukulu la Great Minds lidasumira kampani ya FedEx Office kaamba kolandira ndalama pochulukitsira sukulu mabuku ake a NC. Mchaka cha 2018 khoti la apilo lidati kampaniyo sidalakwe chifukwa idangotumidwa ndi sukulu zomwe zidali ndi ufulu wochulukitsa mabukuwo.

Chigamulo cha ku America sichimanga makhoti a kuno, koma nzeru yake ndi yomveka. Sukulu ikatuma wafotokope n'kumulipira pa ntchito yake, ndi nkhani ina. Koma wafotokopeyo akasunga kope n'kuyamba kuyala mapamfuletiwo pakhonde kuti azigulitsa yekha, kapena mphunzitsi akaikapo yake yapamwamba, njinga ija yalowa kabaza.

Ena adayesa kale

Kusonkhanitsa zaulere n'kupanga buku si chinthu chachilendo m'dziko muno. Cha m'ma 2009, aphunzitsi a ku Bunda College, yomwe nthawiyo idali nthambi ya Yunivesite ya Malawi ndipo lero ili pansi pa Luanar, adaona kuti ophunzira awo akusowa mabuku a phunziro la Communication Skills. Mothandizidwa ndi a OER Africa, iwo adafufuza zolemba zaulere pa intaneti, kuzisintha kuti zigwirizane ndi ophunzira a kuno, n'kutulutsa buku lawolawo. Ndipo mu November 2019 maiko omwe ali mamembala a UNESCO adagwirizana mfundo zolimbikitsa zipangizo zophunzirira zaulere zoterezi.

Zomwe zidatheka ku Bunda zitha kutheka pa Kaseye, pa Misuku, pa Nthalire kapena pa Kameme. Chofunika si ndalama zambiri koma khalidwe limodzi: kulemba. Nthawi iliyonse yomwe watenga chinthu, lemba m'kope zinthu zinayi, zomwe ndi mutu wake, dzina la mwini, komwe wachipeza ndi chiphaso chake. Pomaliza zonsezi ziikidwe pa tsamba lomaliza la pamfuleti. Ndipo wolakwitsa asataye mtima, pakuti ziphaso zatsopano za 4.0, zomwe zidatuluka mu 2013, zimapereka masiku 30 oti munthu akonze cholakwa chake kuchokera pomwe wachizindikira, ndipo akatero ufulu wake umabwerera.

Phindu la tsamba lomalizali limaoneka mtsogolo. Pamfuleti yosadziwika komwe zinthu zake zidachokera imathera pa sukulu imodzi, chifukwa palibe bungwe kapena wosindikiza wanzeru yemwe angaike ndalama zake pa chinthu chomwe mawa chingamutengere kukhoti. Koma yolongosoka itha kuchoka pa Kaseye n'kukafika ku Karonga, wina n'kuimasulira m'Chinkhonde, wina n'kuwonjezera mafunso, dzina la mphunzitsi woyamba uja likuyenda nayo. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika.

Tsono inu makolo, mwana akabwera ndi pamfuleti ina teremu ino, musanapereke ndalama itembenuzeni muone kumapeto. Ngati palibe dzina la wolemba kapena komwe nkhanizo zidachokera, mufunseni mwanayo kuti akafunse aphunzitsi ake. Pajatu amene sanena komwe watenga mfundo zake ndi wovutanso kumutsata mfundozo zikapezeka kuti ndi zolakwika, ndipo wolemba mayeso ndi mwana wanu.